Wakuba Wotseka Filiji

Sajeni Frackson Mulepa anafika kwa Kadewere Loweruka m'mawa njinga yake ili matope okhaokha. Munali mu Julaye chaka cha 1991, ndipo chiperoni chinali chitakuta phiri la Chiradzulu, kamvula kamawawa kosaleka. Labotale imene anaitanidwako inali nyumba yakale yosungiramo fodya, ya zipinda ziwiri. Windo lakumbuyo linali losweka. Pakhonde panaima mayi wochepa thupi, wovala mpango woyera kumutu ndi juzi yaikulu.

Mulepa anavula chipewa asanatsike n'komwe panjinga. Anali asanalankhulepo ndi Dokotala Latifa Hamadi, koma ankawadziwa monga ankawadziwira mlimi aliyense wa nandolo m'bomalo. Sanali dokotala wa odwala. Anali mwana wa wogulitsa nsalu, amene anapita kunja kukaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso n'kubwerera kwawo. Tizilombo tawo tinali tija timakhala m'timibulu ta pamizu ya nandolo, timene timadyetsa mbewu ndi kubwezera chonde m'nthaka. Ankasankha tamphamvu, kutiweta m'timabotolo, kenako kutisakaniza ndi ufa wakuda umene alimi ankapaka mbewu pobzala. Munda wa mayi ake a Mulepa unali utaguga mpaka kuuleka. Ufa umenewo ndi umene unaudzutsa, ndipo azilongo ake awiri anamaliza sukulu ndi nandolo wa m'mundamo.

"Akuberani chiyani, adokotala?"

"Maikulosikopu, makina anga oonera tizilombo. Amenewo akhoza kupezeka ena. Lowani muone chachikulu."

Pakona panali filiji ya palafini. Loko wake anathyoka kalekale, ndipo chitseko ankachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Dokotala anamasula mphirayo. M'kati munali timabotolo tagalasi totseka ndi thonje, tili m'mizeremizere. Mzere wapakati unalibe kanthu.

"Apa panali mtundu watsopano," iwo anatero. "Ndinaupeza m'munda wina wouma kuseri kwa phiri, ndipo umagwirabe ntchito ngakhale mvula idule. Zimene ndimapeza ndimazilemba m'magazini a akatswiri a sayansi. Zolemba zanga zakale akuphunzitsira ku India, ku Nigeria, ku Brazil. Kuli ophunzira kumeneko amene amatchula dzina la Kadewere osadziwa kuti kuli mbali iti. Koma za mtundu uwu ndiye zoposa zonse. Akonzi avomera kuzisindikiza pokhapokha nditatumiza tizilomboto kuti akatswiri ena atiyese okha mwezi wamawa usanathe. Pa ntchito yathu mawu opanda umboni amaayesa bodza. Ndikalephera kutumiza, ayamba kukayikira ngakhale zimene ndinalemba kale."

"Munali kuti dzulo?"

"Ku Zomba, ku sadaka ya malemu amalume anga. Ndinabwera kutayamba kuda, n'kupeza zili chonchi."

"Filijiyi munaipeza yotsegula?"

"Yotseka. Mphira itamangidwa bwinobwino."

Mulepa anapita pawindo losweka lija. Kunja kunali matope oterera, oti nkhuku ikadutsa imasiya zala zonse. M'kati, pansi pa windo, simenti inali yoyera ngati yokolopa kumene. Anayang'ana nsapato zake, ndi mapazi akuda amene iye yemwe anali atadinda kuchokera pakhomo.

"Timabotoloti tikufanana tonse. Munthu angadziwe bwanji ta mtundu watsopano?"

"Ndi manambala ali pambaliwa. Amene timawadziwa tilipo awiri, ine ndi a Bernard Nampota, wothandizana nawo ntchito. Makiyinso ali ndi ife awiri." Dokotala anamanganso mphira ya filiji. "Koma a Nampota ndinawatenga atangotsiriza maphunziro. Manja awo ndinawaphunzitsa ine."

Potuluka, Mulepa anaona dengu la mbatata pakona ya khonde.

"Ndinalipeza pomwepo dzulo," anatero dokotala. "Ndi dengu la mayi Enelesi a kwa Mpama. Mtundu watsopanowu tikuuyesera m'minda ya kwawoko chaka chino."

* * *

Bernard Nampota anafika atanyamula ambulera ndi katoni. Anali mwamuna wa zaka za m'ma sate, wovala tayi ngakhale Loweruka, wolankhula mosankha mawu.

"Ine, a Sajeni, dzulo ndinakwera minibasi yam'mawa kupita ku Limbe. Tinasowa sipiriti ndi thonje. Izi zili m'katonimu. Ndinabwera madzulo, ndipo nkhaniyi ndaimva lero."

"Munakumana ndi wina wokudziwani ku Limbe?"

"Ku Limbe anthu sayang'anana kumaso."

"Mukuganizira ndani?"

Nampota anakonza tayi. "Sindifuna kuloza munthu chala. Koma pitani pa Boma mukafunse zimene Che Twaha, aja a sitolo ya feteleza, analankhula pa chionetsero cha zaulimi. Anati tsiku lina adzaphwanya mabotolo athu onse chifukwa tikuwathawitsira ogula."

Mulepa anangogwedeza mutu. Nampota anayang'ana kukhomo ngati dokotala ali pafupi, kenako anatsitsa mawu.

"Palinso china, koma chikhale pakati pathu. Ine ndimawalemekeza adokotala. Komabe zotsatira za mtundu watsopanowu n'zokongola kwambiri, mwina mopitirira. Akatswiri akunja akauyesa okha n'kupeza zina, dzina la munthu limathera pomwepo. Nthawi zina munthu amapuma bwino umboni ukasowa."

"Mukunena kuti anadzibera okha?"

"Sindinanene choncho. Inu ndi amene mwanena."

Mulepa anakwera njinga mtima ukumuwawa. Mawu amenewo anakanirira m'mutu mwake ngati chisoso pa thalauza, ndipo ntchito yake sinkamulola kuwataya chifukwa cha munda wa mayi ake.

* * *

Mayi Enelesi anawapeza m'munda mwawo kwa Mpama atafunda thumba kumutu, akuchotsa udzu pansi pa nandolo. Nandoloyo anali wamtali kupitirira munthu, masamba obiriwira bii, maluwa achikasu ali yalaa. Munda woyandikana nawo unali ndi timitengo tofika m'chiuno.

"Onse awiriwa ndinabzala ine, tsiku limodzi," anatero mayiwo poona kuti wapolisi akuyerekeza. "Uku kuli ufa watsopano wa adokotala, uko kulibe. Chimanga chaka chino chatikana. Ana anga adya uyu."

Mulepa anapuma mpweya wautali. Munda sungagwirizane ndi munthu kunena bodza.

"Dzulo munapita ku labotale?"

"Ndinapita, kukawasiyira timbatata. Sindinadziwe kuti achoka."

"Nthawi yanji?"

"Dzuwa silinaoneke dzulo, bambo. Koma ndinanyamuka nditamwa tiyi, ndipo pofika ndinakumana ndi azibambo achisilamu atavala mikanjo, akuyamba ulendo wa ku mzikiti wa pa Boma."

"Munapeza chitseko chokhoma?"

"Loko panalibe. Chitseko chinali chobweza chabe, koma chokana kutseguka, ngati wina wakhomera m'kati. Ndinaodira, zii. Ndinagogoda, zii. Koma fungo la mankhwala aja amatsukira m'manja, aja onunkha ngati kachasu, linkatuluka pansi pa chitseko. Ndinati mwina ali pa ntchito yosafuna kusokonezedwa. Ndinazungulira kuseri kuti ndisuzumire pawindo, n'kupeza nsalu yotchinga itatsitsidwa."

"Windolo linali losweka?"

"Ayi. Galasi linali lathunthu. Mpaka ndinadziona nkhope."

* * *

Lolemba m'mawa Mulepa anaimbira foni apolisi a ku Zomba. Pofika masana yankho linabwera lakuti Dokotala Hamadi anakhala pa sadaka tsiku lonse Lachisanu, akuthandiza kugawa mpunga pamaso pa mudzi wonse. Ataika foniyo, anapita ku sitolo ya Che Twaha.

Che Twaha anali munthu wamkulu thupi, wandevu zoyera, atakhala pa matumba a feteleza amene anali ataunjikana mpaka kudenga.

"Wallahi, mawuwo ndinalankhula, achimwene. Pakamwa panga palibe chitseko. Koma Lachisanu masana mukafunse ashehe kuti Twaha anaima mzere uti. Ndinali kutsogolo, pafupi ndi iwo."

"Simukanatuma munthu?"

Wamalondayo anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kukodola sajeniyo kuti asendere.

"Feteleza ndi wogulitsa, achimwene. M'munda mwanga mwenimweni mumalowa ufa wa mwana wa Che Hamadi. Amakatenga ndi akazi anga aang'ono, atadziphimba kumaso kuti asazindikirike. Ndingaphwanye bwanji m'phika umene ndikudyeramo? Ine ndikanalowa mmenemo ndikanaswa zonse ndi chibonga. Uyu wanuyu akuti anasankha, n'kutsekanso filiji kuti zotsalazo zisafe. Ameneyo ndi wakuba wachifundo. Amazikonda zinthuzo."

Mulepa anatuluka akulingalira. Munthu wosankha timabotolo, wosamba m'manja ndi sipiriti asanatigwire, sakanangotiponya m'thumba. Tizilomboto timafuna malo ozizira. Pa Boma mafiliji anali owerengeka, ndipo munthu wobisa katundu wakuba sangakapemphe malo m'filiji ya mnzake.

Pachipata cha msika anaima. Mayi Easter, amene masiku onse ankakhala pamenepo ndi kulabokosi yofiira, bokosi losunga zinthu zozizira, akugulitsa mafilizesi kwa ana asukulu, anali atangokhala pa benchi manja ali m'khwapa.

"Lero mwatseka geni, mayi?"

"Nditsegule ndi chiyani, a Sajeni, bokosi langa lili kwa eni ake? Anthu ophunzira awa. Anati abweza Loweruka, lero ndi Lolemba. Ine ndinali nditakhala sabata yonse osagulitsa, nanga kuzizira kuno ndani angayamwe ayezi? Ndiye akubwera munthu, akuti ndigula onse, mundibwereke ndi bokosi lomwe, kuli phwando la ana ku tchalitchi. Ndinathokoza Mulungu. Dzulo ndafunsa amayi a ku tchalitchi kwawoko, akuti phwando lanji, ndipo bamboyo mwana alibe ngakhale mmodzi."

"Linali tsiku liti?"

"Lachisanu. Mawu oitanira anthu ku mzikiti anali akumveka, iye ali wefuwefu ndi chikwama pamsana."

"Dzina lake?"

"Aja atayi. Aja amagwira kwa adokotala a nandolo."

* * *

Nampota ankachita lendi kanyumba ka njerwa kuseri kwa msika. Atatsegula chitseko, Mulepa anaona sutikesi yotsegula pampando, malaya atapindidwa bwino m'kati.

"Muli paulendo, a Nampota?"

"Ndikungokonza zovala. Mwawapeza Che Twaha?"

"Ndawapeza. Koma pano ndabwera ndi nkhani yaing'ono. Mayi Easter akufuna bokosi lawo."

Nampota anaponya maso kubedi, ndipo Mulepa anapitiriza.

"Munati Lachisanu munali ku Limbe kuyambira m'mawa. Mayi Easter anakugulitsani mafilizesi masana pa Boma pompano. Izi zisanachitike, munthu wina anali m'labotale atalowa ndi kiyi, windo lili lathunthu. Galasi munaliswa pochoka, mutaima panja, n'chifukwa chake m'kati mulibe matope. Ku Limbe munapita masanawo, kukagula sipiriti woti mudzandionetse. Bokosi lili kuti?"

Nampota anakhala pansi pabedi. Patapita kanthawi anaweramira pansi n'kukoka kulabokosi yofiira. Maikulosikopu anali m'kabati, atakulungidwa m'bulangete lake logona.

"Sindinafune kuti achite chinyezi," anatero osayang'ana m'mwamba. "Ndikanawabweza."

"Nanga timabotolo?"

"Kuli mzungu wina ku Blantyre, wa kampani ya mbewu ya kunja. Anati ndikabwera nato, andipezera malo ku yunivesite kwawo, ndipo mtunduwo udzatchulidwa ndi dzina langa. Anati tikumane Lachisanu madzulo, koma nditafika anandiuza kuti wapita ku Lilongwe, abwera mawa." Anapukuta kumaso. "A Sajeni, zolemba zonse zija, ine ndi amene ndinkayeza mizu, ndi amene ndinkaotcha mabotolo. Akatswiri akamazitchula amati Hamadi ndi anzake. Ine ndine anzake. Dzina langa lilipo, koma palibe amene amalifikira."

"Ndiye munaona kuti ndi bwino dziko liwayese adokotala abodza?"

Nampota anakankhira bokosilo kwa sajeniyo. Mulepa anakweza chivundikiro cha bokosi, ndipo fungo lowawasa linamuwomba kumaso. Mafilizesi anali atasungunuka kalekale, timapepala tina titamasuka. Timabotolo tinkayandama chogona m'madzi ofiira a shuga, thonje lake litanyowa n'kusanduka lakuda.

Nampota anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Anali asanatsegule bokosilo chiyambire Lachisanu.

* * *

Dokotala Hamadi anaika maikulosikopu awo patebulo, n'kuyang'ana botolo lililonse palokha. Mulepa anadikira ataima pakhomo. Pomaliza iwo anawongoka n'kuvula magalasi.

"Nguwi yokhayokha. Shuga anaitana tizilombo tina, ndipo tanga tamizidwa. Palibe chopulumuka." Anatsamira pampando. "Komabe zikomo, a Sajeni. Mwandichotsera dzina la wabodza m'boma muno. Za Bernard zikundipweteka kuposa mabotolowa. Mwina ndinkayenera kumukankhira kutsogolo kale. Koma akanapempha."

"Ndiye ntchito yonse yathera pamenepa?"

"Njira ilipo imodzi. Tizilomboto tili moyo m'timibulu ta pamizu ya nandolo wa kwa Mpama, m'minda ija tikuyesera. Ndikhoza kutitapa mmenemo n'kutiwetanso. Koma pangafunike mitengo yambiri, yozulidwa ndi mizu yomwe, kuchokera m'munda uliwonse, ndipo izulidwe tsopano timibulu tisanaume. Nandolo ali m'maluwa. Anthu aja chimanga sanakolole."

"Mukawapempha sangakane."

"N'chifukwa chake sindingawapemphe. Pepala langa silidyedwa. Ndiwalembera akonzi kuti ndalephera."

Mulepa anavala chipewa n'kutsanzika. Njira yobwerera ku Boma inali ya kumanja. Iye anakhotera kumanzere, kulowera kwa Mpama. Kwa mayi Enelesi sanapemphe kanthu. Anangowauza kuti wakuba wagwidwa, kuti timabotolo tafa, ndi zimene dokotala ananena, mawu ndi mawu. Mayiwo anamvetsera akuyang'ana munda wawo.

* * *

Lachitatu m'mawa Mulepa anabwerera ku labotale kuti dokotala asaine zoti makina awo abwezedwa. Chiperoni chinali chitayamba kuyera. Ali m'kati anamva anthu akuodira panja.

Pabwalo panali amayi ndi abambo a kwa Mpama, ena amikanjo, ena a nsalu za mvano, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Aliyense anasenza mtolo wa nandolo wozula, maluwa akulendewera, mizu itakulungidwa m'masaka onyowa ndi dothi lake lomwe. Kumbuyo kwawo kunaima galimoto ya Che Twaha itadzaza mitolo ina, mwini wake akuyang'ana kumwamba ngati wangosochera.

Dokotala anaima pakhonde, dzanja lili pachifuwa.

"Mayi Enelesi, mwachita chiyani? Ichi ndi chakudya cha ana anu."

"Sitinazule wonse," anatero mayi Enelesi akutula mtolo wawo. "Tinagwirizana mizere iwiriiwiri munda uliwonse. Ndipo tamanga padera, kuti mudziwe wa uyu ndi wa uyu, paja mumatero. Inu munabwera m'minda mwathu nthaka itatha, simunatifunse kanthu. Tizilomboto munangotisungitsa. Tabwera kudzabweza."

Dokotala anayang'ana Mulepa. Iye anali kuwerenga pepala lake mosamala kwambiri.

Dokotala anatsika pakhonde, n'kugwada m'matope, n'kumasula saka limodzi. Pamizu panali timibulu tambirimbiri ngati mikanda. Anathothola kamodzi, anatulutsa lezala m'thumba la juzi, n'kukadula pakati. M'kati munali mofiirira ngati nyama yatsopano.

"Tili moyo," anatero motsitsa. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kudzuka. "Lowetsani m'kati msanga, pamthunzi. A Sajeni, ngati simukufulumira, ndiyatsireni mbaula tiwiritse mabotolo."

Anthu anayamba kulowetsa mitolo. Dokotala anagwira mkono wa mayi Enelesi.

"Dzina lanu lonse ndani? Ndi anzanu onsewa, mmodzimmodzi. M'pepala lija mukalembedwa, ndipo amene aziwerenga ku India adzadziwa kuti mbewuyi inapulumukira m'munda mwa yani."

Mayi Enelesi anapukuta manja pa chitenje.

"Enelesi Namakhwa. Koma mukawauze azilitchula bwino. Ndi la Chilomwe, limafuna mpweya."